ZA PAKHOMO PATHU: Musanagule "Home Theatre" Khalani Pansi Muwerengere

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika kuno ku Mchinji, munthu sachita kufunsa ngati ndalama zalowa m'mudzi. Ungoima m'mbali mwa msewu wa M12, kaya ndi pa Kamwendo, pa Waliranji kapena pa Boma penipeni, uona akabaza atanyamula malata, matilesi ndi makatoni akuluakulu ojambulidwa masipika. Madzulo ake mudzi wonse umadziwa nyumba imene katoniyo yalowa, pakuti ngakhale nkhuku za oyandikana nawo zimagona mochedwa.

Kale makolo athu ankanyadira wailesi ya Nzeru yopangidwa ku Blantyre, kapena ya Supersonic imene ankabwera nayo anthu ochokera ku Zimbabwe. Kenaka kunadza gumbagumba ya makaseti. Wailesi ya kanema ya dziko lino itayamba mu 1999, mabanja anayamba kusirira TV, ndipo lero TV ili m'nyumba zambiri koma anthu akudandaula kuti mawu ake ndi ochepa. Tsono chimene chili m'kamwa mwa abambo ambiri masiku ano ndi "home theatre", zipangizo zimene zimapangitsa mawu a pabalaza kumveka ngati a m'nyumba yoonetsera kanema.

Palibe cholakwa kufuna zinthu zabwino pakhomo. Munthu amene walima chaka chonse ayenera kudyerera thukuta lake. Koma ndaona mabanja akulira chifukwa cha katoni imodzi yotere, ndipo limodzi mwa mabanjawo ndi la mlongo wanga weniweni.

Zimene zinawaonekera alamu anga

Mu June 2023 alamu anga, amene amalima fodya ndi soya chakumpoto kwa Boma, analandira ndalama za mabelo awo. Tsiku lachitatu lake anadzuka m'mamawa nauza mlongo wanga kuti akupita kukaona mnzawo. Anabwera dzuwa litapendeka ali ndi katoni yaikulu pa njinga yamoto. Anali atadumpha malire kukagula "home theatre" ya masipika asanu ndi sabuwufa yake, ndipo pobwera anadzera njira za m'tchire kuti asalipire msonkho. Pa katoniyo panalembedwa zilembo zofiira zikuluzikulu kuti 5000W PMPO.

Nditapita kukawaona Loweruka lotsatira anandilandira mwansangala. "Alamu, khalani apa mumve zinthu. Izi si zamasewera ayi, mawati 5,000!" Ndinakhala pansi n'kumvetsera. Phokoso linalipo ndithu, malata ankachita kunjenjemera, koma atatsegula nkhani za pa wailesi mawu a muulutsi ankamveka ngati munthu akulankhulira m'mtsuko. Mlongo wanga anandiitanira kukhitchini nandinong'oneza: "Achimwene, ndalama zimene zapita apazi ndi zimene tinagwirizana kuti tigulire feteleza mitengo isanakwere. Ine sanandifunse n'komwe."

Pofika September masipika awiri anali atasiya kulira. Lisiti panalibe, waranti panalibe, ndipo sakanatha kubwerera nazo kumene anagula chifukwa analibe pepala lililonse losonyeza kuti katunduyo analowa bwanji m'dziko muno. Mu November chaka chomwecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya feteleza ndi katundu wina inakwera nthawi yomweyo. Mu January 2024 mwana wawo wamkazi, amene anali Fomu 3, anakhala pakhomo masabata awiri anzake akuphunzira chifukwa ndalama za sukulu zinali zisanapezeke. Potsiriza alamu anagulitsa zipangizo zija kwa mnyamata wina wa vidiyo sho pa mtengo wosafika theka la umene anagulira.

Sindikunena izi pofuna kuwanyoza. Iwo eni ake ndi amene anandiuza kuti, "Alamu, mukalembe, ena asagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine." Tsono tiyeni tione bwinobwino chimene munthu akugula akamati akugula "home theatre".

Kodi m'katoni muja muli chiyani?

Mtima wa zipangizo zonsezi ndi bokosi lotchedwa risiva. Ntchito yake ili patatu. Imalandira mawu ndi zithunzi kuchokera ku dikoda, DVD, foni kapena flash. Imagawa mawuwo kuti aliwonse apite ku sipika yake. Ndipo imawakuza ndi ampulifaya imene ili m'kati mwake. Ma risiva ambiri ali ndi wailesi ya FM momwemo, kotero mutha kumverapo MBC, Radio Islam, Zodiak kapena Mudzi Wathu ya konkuno ku Mchinji.

Mukaona nambala ngati 2.1 kapena 5.1, tanthauzo lake ndi losavuta. Nambala yoyamba ndi kuchuluka kwa masipika, ndipo yachiwiriyo ndi sabuwufa, sipika yaikulu ija imene imatulutsa mawu a besi ogunda pamtima. Pa 5.1 pamakhala masipika awiri kutsogolo, kumanja ndi kumanzere kwa TV, imodzi pakati imene imanyamula mawu a anthu olankhula, ndi awiri m'mbali chakumbuyo kwa omvera.

Pamsika pali mitundu itatu. Woyamba ndi wa zonse m'katoni imodzi, umene ampulifaya yake kawirikawiri imakhala m'kati mwa sabuwufa. Uwu ndi wotsika mtengo ndipo ndi umene wadzaza m'masitolo, koma vuto lake ndi loti ampulifaya ikapsa zonse zaima, ndipo masipika ake nthawi zambiri sagwira bwino pa makina ena. Wachiwiri ndi wogula risiva payokha, monga za Yamaha, Denon, Sony, Onkyo kapena Pioneer, ndi masipika paokha. Uwu ndi wokwera mtengo koma umalola kugula pang'onopang'ono ndi kusintha chimene chawonongeka chokha. Wachitatu ndi soundbar, sipika yaitali yoika pansi pa TV, imene siifuna mawaya ambiri ndipo imakwanira bwino m'nyumba yaing'ono.

Funso loyamba kudzifunsa ndi ili: kodi pakhomo pano timamvera chiyani kwenikweni? Wailesi ya FM imatulutsa mawu a mbali ziwiri basi, kumanja ndi kumanzere. Nyimbo za pa foni ndi pa flash n'chimodzimodzi. Mawu a 5.1 enieni amapezeka pa mafilimu ojambulidwa mwa njira ya Dolby Digital kapena DTS, monga a pa DVD, ndi pa matchanelo ena a pa dikoda. Ngati banja lanu limakonda nkhani, mpira, kuwerenga kwa Qur'an ndi maulaliki, chimene mukufuna ndi mawu omveka bwino a munthu wolankhula. Masipika awiri abwino adzakupatsani zimenezo kuposa masipika asanu apulasitiki. Alamu anga analipira masipika asanu pamene zimene ankamvera zinkafuna awiri okha.

Bodza la mawati

Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Pa makatoni pamalembedwa mawati a mitundu iwiri. PMPO ndi nambala yokopera ogula. Ilibe muyeso umodzi wogwirizana, ndipo kampani iliyonse imalemba mmene yafunira. RMS ndiyo imasonyeza mphamvu imene ampulifaya ingatulutse mosalekeza. Mukafunsa wogulitsa za RMS iye n'kumangoloza nambala yofiira ya pa katoni, dziwani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pali njira yodziwira zoona popanda kukangana ndi munthu. Tembenuzani makinawo muone kumbuyo, pafupi ndi pamene pamalowa chingwe cha magetsi. Pamakhala kachikwangwani kosonyeza mawati amene makinawo amakoka pakhoma. Titatembenuza a alamu anga tinapeza palembedwa 45W. Tsono chinthu chimene chikumwa mawati 45 chingatulutse bwanji mawati 5,000 mosalekeza? Mbiya siitulutsa madzi oposa amene munathiramo.

Chinanso, mawati ambiri sachulukitsa mawu mmene anthu amaganizira. Kukula kwa mawu amakuyeza ndi ma decibel. Mukachulukitsa mawati kawiri, mawu amangokwera ndi ma decibel 3, kusiyana kumene khutu limakumva pang'ono chabe. Kuti mawu amveke ngati akula kawiri pamafunika mawati ochuluka pafupifupi kakhumi. Kotero risiva ya mawati 100 siiposa kwambiri ya mawati 50. Sipika yabwino ya pabalaza imatulutsa ma decibel 85 mpaka 90 ndi wati imodzi yokha munthu ataima mita imodzi kuchokera pa sipikayo, ndipo limenelo ndi phokoso kale. Pabalaza la mamita 4 mbali zonse, ngati mmene zilili nyumba zathu zambiri, mawati 30 mpaka 50 a RMS pa sipika iliyonse ndi okwanira mpaka kutsala.

Mukamagula risiva ndi masipika padera, onaninso nambala ya ma ohm. Kumbuyo kwa sipika kumalembedwa 4, 6 kapena 8, ndipo kumbuyo kwa risiva kumalembedwa ma ohm amene ingathe kunyamula. Sipika ya ma ohm 4 imakoka moto wambiri, kotero mukailumikiza ku risiva yofuna ma ohm 8 n'kumakweza mawu, risivayo imatentha, imadzizimitsa yokha, ndipo pakapita nthawi imapsa. Kulumikiza masipika awiri pa malo a sipika imodzi, monga amachitira anyamata ambiri, kumatsitsa ma ohm ndi theka ndipo mapeto ake ndi omwewo.

Magetsi athu ndi amene adzalamula

Magetsi a ESCOM ndi a 230V, ndipo a ku Zambia ndi ofanana nawo. Koma pa msika wa katundu wogwiritsidwa kale ntchito pamapezeka ma risiva abwino kwambiri ochokera ku America, kumene magetsi ndi a 120V, ndi ku Japan, kumene ndi a 100V. Risiva yotere mukangoilumikiza pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa magetsi, imapsa nthawi yomweyo musanamve ngakhale liwu limodzi. Werengani kachikwangwani ka kumbuyo kaja. Pakhale 220V mpaka 240V.

Tonse tikukumbukira mmene magetsi anavutira mu 2022, namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu January chaka chimenecho, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Chimene chimapha zipangizo kawirikawiri ndi nthawi imene magetsi akubwerera ndi mphamvu yosakhazikika. Pachifukwa chimenechi kachipangizo kotchinjiriza kamene ambiri amakatcha TV guard kasasowe pa bajeti yanu. Kamadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri, ndipo akabwerera kamadikira pang'ono kasanawalowetse. Komabe mphezi siitchingika ndi kachipangizo kameneka. Kuyambira November mpaka April, mabingu akayamba, zulani pulagi pakhoma ndipo chotsaninso chingwe cha eriyo kapena cha dishi.

Amene mumadalira sola, werengerani musanagule. Batire la 12V la 100Ah limasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma batire wamba la asidi siliyenera kutsitsidwa kupyola theka, kotero muli ndi 600 okha. Tiyerekeze kuti TV ikukoka mawati 60, dikoda 15 ndipo risiva 100. Zonse pamodzi ndi 175, ndipo inveta nayo imadya gawo lake. Batire limenelo lidzakupatsani maola atatu, osaposa, ndipo mababu ndi mafoni sitinawawerengere. Ngati ana amawerengera mayeso kuwala kwa batire lomwelo, mwaona kale amene adzalipire kanema wa bambo. Inveta zotsika mtengo zimapangitsanso masipika kung'ung'udza. Imene imagwirizana ndi zipangizo za mawu ndi yolembedwa kuti pure sine wave. Kwa a ESCOM, risiva ya mawati 100 yoyaka maola anayi pa tsiku imadya mayunitsi 12 pa mwezi. Si ambiri, koma alembeni ndithu, pakuti walira mvula walira matope.

Kukonza bajeti

Sinditchula mitengo pano chifukwa magazini ino imatuluka kamodzi pa miyezi itatu, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso mu November 2023, mtengo wa katundu wochokera kunja sukhalitsa pamalo amodzi. Chimene ndingakupatseni ndi dongosolo la kagawidwe kake.

Poyamba khalani pansi awiri, bambo ndi mayi, ndi kope ndi cholembera. Ndalama za fodya, mtedza ndi soya zinachokera m'manja mwa banja lonse, ndipo mayi amene anasoka fodya mpaka usiku ali ndi mawu pa kagwiritsidwe ntchito kake. Lembani zimene sizingadikire: chimanga chokwanira mpaka kukolola kwina, feteleza ndi mbewu, zofunika za sukulu za materemu onse atatu, ngongole zimene muli nazo, zakaat ngati yakukwanirani, ndi kangachepe kosungira matenda ndi maliro. Chimene chatsala pansi pa mzere umenewo ndicho mungagulire zosangalatsa. Ngati palibe chatsala, ndiye kuti chaka chino si chaka cha "home theatre", ndipo palibe manyazi pamenepo.

Ndalama yatsalayo musaithere yonse pa katoni. Pa K100 iliyonse, ine ndimalangiza kuti K40 ipite ku masipika, K30 ku risiva, K10 ku TV guard, mawaya ndi chingwe cha HDMI, K10 ku thiransipoti ndi zina za paulendo, ndipo K10 yotsalayo isungidwe kuti mudzakonzetsere china chikadzavuta. Masipika ndawapatsa gawo lalikulu chifukwa ndiwo amapanga mawu amene khutu limamva, ndiponso sakalamba msanga. Ma risiva amasintha zaka zilizonse malinga ndi mitundu ya zolumikizira, koma sipika yabwino yosamalidwa imatha zaka 15 kapena 20 ikulirabe. Ngati mukukagula kunja kwa dziko, msonkho muuwerengere padera musananyamuke.

Ubwino wogula risiva payokha ndi woti mutha kuyamba ndi masipika awiri okha. Chaka chamawa muonjezere sabuwufa, chaka chinacho sipika ya pakati. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Njira imeneyi imakupulumutsani ku ngongole. Pa nkhani ya ngongoleyi ndinene mosabisa: kutenga katapila kuti mugule zoimbira ndi kudzimangirira mwala m'khosi, ndipo kwa ife Asilamu chiwongoladzanja ndi riba, chinthu choletsedwa. Masitolo ena amapereka katundu wolipira pang'onopang'ono. Funsani mtengo wa kashi, kenaka muphatikize zonse zimene mudzalipire pamwezi pamwezi, muone kusiyana kwake ndi maso anu. Chipereganyu cha anthu okhulupirika, chimene aliyense amalandira ndalama zofanana ndi zimene anasonkha, ndi njira yabwino yosonkhanitsira ndalama popanda chiwongoladzanja.

Ku Lilongwe kapena ku Chipata?

Ife a ku Mchinji tili ndi misika iwiri. Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita oposa 100, pamene Chipata ili pafupi kwambiri, kungodutsa pa chipata cha Mwami. N'chifukwa chake ambiri amathamangira ku Down Shops kapena ku msika wa Kapata m'malo mwa ku Malangalanga ndi ku Area 2. Kugula ku Chipata si kulakwa, koma mtengo wa pa shelefu si mtengo wonse. Onjezerani zimene mutaye posintha kwacha yathu kupita ku kwacha ya Zambia, thiransipoti yopita ndi yobwera, ndi msonkho wa MRA pa chipata. Kawirikawiri mukaphatikiza zonsezi kusiyana kumene kunakukopani kumachepa kwambiri.

Ena amanamizana kuti dongosolo la COMESA lothandiza amalonda ang'onoang'ono a m'malire limachotsa msonkho pa katundu aliyense. Dongosolo limenelo ndi la katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'mayiko a mamembala amene ali pa mndandanda wogwirizana. Risiva yopangidwa ku China kapena ku Malaysia siisanduka ya ku Zambia chifukwa chogulidwa ku Chipata. Kuyambira mu December 2022, pamene atsogoleri a mayiko awiriwa anatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami chimene maofesala a mbali zonse amagwirira ntchito malo amodzi, kudutsa mwa lamulo kunafupika. Pitani mukafunse ku ofesi ya MRA kuti msonkho wa chinthu chimene mukufuna ndi wotani musanakagule. Wodzera njira za m'tchire akagwidwa amalandidwa katundu ndi kulipitsidwa chindapusa, ndipo akapanda kugwidwa amakhala ndi katundu wopanda mapepala, monga anachitira alamu anga.

Kulikonse kumene mwagula, musachoke popanda lisiti lolembedwa dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa makina ndi nambala yake ya kumbuyo. Funsani za waranti: ndi ya miyezi ingati, ndipo zikawonongeka muzipititse kuti? Waranti ya sitolo ya kunja imatanthauza kudutsanso malire ndi katoni pamutu. Kuno kwathu tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza eni masitolo kuti zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa n'zosemphana ndi malamulo. Bungwe la CAMA nalo limalandira madandaulo a ogula. Koma onsewa chinthu choyamba chimene adzakufunseni ndi lisiti.

Chenjeraninso ndi mayina. Pali katundu wolembedwa dzina lofanana ndi la kampani yotchuka koma chilembo chimodzi chasinthidwa. Werengani dzinalo chilembo ndi chilembo, pa katoni ndi pa makina omwe. Ndipo musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene mwangoona chithunzi cha katundu wake pa Facebook kapena WhatsApp. Lipirani chinthu chimene mwachigwira ndi manja ndi kuchimva ndi makutu anu.

Yesani musanalipire

Popita ku sitolo tengani flash kapena foni yokhala ndi mawu amene mumawadziwa bwino, makamaka a munthu wolankhula kapena wowerenga. Wogulitsa adzafuna kukuikirani nyimbo ya besi yambiri mokweza, chifukwa phokoso limabisa zilema. Mupempheni mwaulemu atsitse, aike zanuzo. Ngati mawu akumveka bwinobwino ali pansi, masipikawo ndi abwino. Kenaka ikani khutu pa sipika iliyonse payokhapayokha muone ngati ikulira. Imitsani nyimbo, kwezani voliyumu mumve ngati pali kung'ung'udza kapena kuthetheka. Nyamulani sipikayo: ya thabwa lolemera nthawi zambiri imaposa ya pulasitiki yopepuka ngati chikho. Yesani rimoti, polowetsa flash, Bluetooth ndi FM.

Onaninso kumbuyo kwa TV yanu musananyamuke pakhomo, ndipo ngati n'kotheka jambulani ndi foni. Ngati pali polowetsa polembedwa HDMI ARC, chingwe chimodzi chidzakwanira kutumiza mawu a TV ku risiva imene ilinso ndi ARC. Ngati palibe, onani ngati pali polembedwa Optical kapena timabowo tofiira ndi toyera. Ndaona munthu atafika kunyumba ndi makina okwera mtengo n'kupeza kuti palibe polumikizira TV yake. Safunsa anadya phula. Ngati mukugula yogwiritsidwa kale ntchito, isiyeni iyake mphindi 20 kapena 30 muli pomwepo, muigwire pamwamba muone ngati ikutentha mopitirira, ndipo mununkhize ngati pali fungo la kupsa.

Mukafika nazo kunyumba

Nyumba zathu zambiri ndi za simenti pansi ndi malata opanda siling'i, ndipo mawu amagunda m'makoma n'kumabwerera. Mkeka kapena kapeti pansi, makatani pa mawindo ndi mipando ya nsalu zimakonza mawu kuposa kuwonjezera mawati. Masipika a kutsogolo akhale molingana ndi makutu a munthu wokhala pampando, motalikirana mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Polumikiza mawaya, ofiira apite pofiira ndi akuda pakuda mbali zonse ziwiri, apo ayi besi imasowa. Mawaya musawasiye pansi pamene makoswe ndi ana okwawa angawapeze.

Amayi athu amakonda kuphimba zipangizo ndi nsalu zoluka zokongola. Risiva ikamayaka chotsani nsaluyo, chifukwa timabowo ta pamwamba ndi topumira. Muiphimbe ikazima ndi kuzizira, makamaka mu September ndi October pamene fumbi lachuluka. Musadyere pafupi nayo, pakuti nyenyeswa zimaitana mphemvu, ndipo mphemvu zimakonda malo ofunda a m'kati mwa makina.

Pomaliza, kumbukirani makutu a ana anu ndi mtendere wa oyandikana nawo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asamve mawu a ma decibel 80 kupyola maola 40 pa sabata, ndipo mawu akakwera kuposa apo nthawi yake imachepa msanga. Khutu likawonongeka ndi phokoso silibwereranso mwakale. Ngati muyenera kukuwa kuti munthu amene mwakhala naye pampando umodzi akumveni, mawu akwera kwambiri. Kuseri kwa khoma lanu kungakhale wodwala, khanda logona, mwana wokonzekera mayeso a MSCE kapena munthu amene ali pa swala. Adhana ikamveka tsitsani kapena zimitsani, ndipo usiku ukakula mawu atsalire m'nyumba mwanu.

Alamu anga anagulanso mu July 2025. Ulendo uno anayamba akhala pansi ndi mlongo wanga, feteleza ali kale m'nyumba ndipo za sukulu atazipatula. Tinapita limodzi ku Lilongwe, tinayenda masitolo anayi, ndipo anasankha risiva yogwiritsidwa kale ntchito ya 230V ndi masipika awiri athabwa. Lisiti lili m'chikwama cha mayi. Sabuwufa akuti adzaiona soya akadzachita bwino. Nditawachezera posachedwapa ndinapeza agogo a ana, amene makutu awo anayamba kuvuta, atakhala pamkeka akumvetsera nkhani za madzulo popanda kufunsa mdzukulu kuti muulutsi wanena chiyani.

Amene muli ndi mafunso pa za kasamalidwe ka ndalama pakhomo, lemberani kwa mkonzi monga mwa nthawi zonse. M'kope lotsatira tidzakambirana za kugula sola ya pakhomo, popeza ambiri mwakhala mukufunsa.